Amayi a Tsache ndi Njerwa za Holo Yathu

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi amene tonse tinkawatchula kuti Amayi a Tsache. Anabadwira kuseri kwa msika, m'kachipinda ka bambo awo amene ankasoka nsapato. Mayi awo anamwalira iwo akadali aang'ono, ndipo ntchito yoyamba imene manja awo anaphunzira inali kusesa tizidutswa ta zikopa pansi pa benchi. Atakula, tsache lija analowa nalo m'tchalitchi. Ankayambira kuguwa kutsirizira pakhomo, ndipo akapeza batani kapena ndolo ankaziika pawindo kuti mwini wake azipeze. Ankati, “Kulalika sindidziwa, koma fumbi limandimva.”

Anakwatiwa ndi telala wofatsa, amene sanakhalitse pa dziko. Anawasiyira mwana mmodzi wamkazi, wa mawu okoma, amene anakula nalowa kwaya.

Tsiku la chivomezi, masana, kwaya inali pa maphunziro m'holo ya mpingo. Nthaka itagwedezeka, nyumba zakalekale zinangochita ming'alu, koma holo yatsopanoyo inagwa yonse. Amayi a Tsache anakumba ndi manja mpaka zikhadabo kuthothoka. Mwana wawo anamuzindikira ndi nsapato.

Masabata otsatirawo tinkagona m'matenti pabwalo, kuphikira pamodzi, kubwerekana zofunda. Pochotsa zogumuka, aliyense anaona chimodzimodzi: matope a pakati pa njerwa ankangonyenyeka m'manja ngati shuga. Mmisiri amene anamanga holoyo, mkhristu mnzathu wokhala pa benchi yakutsogolo m'tchalitchi, anali atachepetsa simenti n'kuchulutsa mchenga.

Anthu anakamutulutsa m'nyumba mwake. Ena anatola zibuma, ena anabwera ndi mafuta oti amuwotchere. Wogulitsa nyama anakuwa kuti, “Lero nayenso alawe kulemera kwa khoma!”

Amayi a Tsache anapyola pakati pa gululo, naima patsogolo pa mmisiriyo. Ambiri anayesa kuti abwera kudzaponya mwala woyamba, poti anali nawo ufulu.

“Ikani pansi,” anatero.

“Mayi, mwana wanu ali m'dothi chifukwa cha galu ameneyu!”

“Ndiye mukufuna akagone pafupi ndi mwana wanga? Mukamupha apuma. Ine sindikufuna apume.”

Anaponyera mmisiriyo chikwanje chobuntha pamapazi. “Njerwa zonse zija muzipala imodziimodzi, ine ndikuona.”

Tisaname pofuna kukometsa maliro: sichinali chifundo. Mtima wawo unali moto. M'mawa uliwonse, Misa ikatha, ankakhala pa mulu wa zogumuka moyang'anizana naye, iwonso akupala zawo. Njerwa ikakhala ndi dontho la magazi ankaiika m'manja mwake. Amene ankagwada nawo pafupi pa Misa ankawamva akunong'ona kuti, “Ambuye, musamukhululukire msanga. Muyambe mwandifunsa.”

Komabe dzuwa likafika pamutu, ankaika kapu ya madzi pa njerwa, pomwe dzanja la mmisiri likanafika. M'manja mwake mutatuluka matuza, m'mawa mwake panapezeka nsanza zoyera zong'ambidwa bwino. Ana a mmisiriyo atathamangitsidwa pamzere wa chakudya, Amayi a Tsache anawagwira padzanja n'kukaima nawo kutsogolo.

Ansembe anawafunsa tsiku lina, “Mayi, munthu mumadana naye, nanga madziwa?”

“Abambo, ndikuopa angafe ndisanathe kumuda.”

Ansembe anaseka, koma iwo sanaseke.

Holo inamangidwanso ndi njerwa zomwezo. Mmisiri ankasakaniza simenti pabwalo, anthu akuona, Amayi a Tsache ataima pambali ndi tsache lawo. Zaka zinapita. Ming'alu ya m'nyumba zathu inamatidwa, kwaya inayambanso kuimba. Iwo ankasesa holoyo Loweruka lililonse, koma nyimbo ikayamba ankatuluka. Ndi mmisiri sanapatsanepo moni. Iye ankakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo mpaka imvi zinamera sanayerekeze kupita kutsogolo.

Atakalamba, miyendo inakana. Amayi a mpingo ankasinthana kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Ansembe atabwera ndi mafuta a odwala, anawapeza ali chiyang'anire kudenga.

“Abambo, ndikuopa,” anatero. “Ndikapita ndi mwala uwu pamtima, mwana wanga akandizindikira?” Kenaka anati, “Kaitaneni uja.”

Mmisiri anabwera atagwira chipewa m'manja, nagwada pakhomo.

“Lowani, pakhomo si pa tchalitchi,” anatero mayiwo. “Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti akukantheni. Koma Iye ndi wamakani kuposa ine. Ndatopa, achimwene.”

“Mayi, ndikhululukireni.”

Mayiwo anangoloza kapu imene inali pampando. Mmisiri anaitenga nawamwetsa, madzi ena akutayikira pa bulangete. Anamwa onse.

“Manda anga mumange ndinu, pambali pa mwana wanga,” anatero. “Simenti yake musaumire.”

Anamwalira m'mawa mwake, belu la Misa likulira, nkhope ili yosalala ngati ya mwana.

Mawu akuti “ndakukhululukirani” palibe anawamva, ndipo ife sitiwaikira m'kamwa. Chimene tikudziwa n'chakuti munthu amene tikanamupha ndi manja athu ali moyo, ndipo ana athu sanakule akutiona ngati akupha. Manda awiriwo anamangidwa molimba. Loweruka lapitali amene anapita ku holo anapeza mmisiri uja, tsopano nkhalamba, atawerama ndi tsache la mayiwo, akusesa kuyambira kutsogolo kutsirizira pakhomo. Pawindo panali batani limodzi.

Mzimu wawo uuse mumtendere.