Nsonga ya Mtengo wa a Udzakula

Dzina lakuti Udzakula anawapatsa ndi telala wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo linawakanirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Aliyense wosuzumira kuseri kwa nyumba yawo n'kufunsa za kamtengo kamene kanali pakona ya mpanda, yankho linali limodzi: "Udzakula." Chaka choyamba, udzakula. Chaka chachisanu, udzakula. Mapeto ake ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana dzina lomwelo.

Bambowa anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi pa nazale ya mitengo. Kusefa dothi, kulithira m'machubu, kufesa, kuthirira, kuzula udzu ndi zala ziwiri, msana uli chiweramire. Mbande zikangofika msinkhu wa chikhatho, lole inkabwera n'kuzitenga zonse, kupita nazo kumene iwo sanafikeko. M'manja mwawo munadutsa mitengo yokwana nkhalango zingapo, koma panalibe ngakhale umodzi umene akanauloza n'kunena kuti uwu ndi wanga. Zimenezi zinkawawawa, ndipo sankabisa. Ankati anatha moyo wawo akulera ana a eni.

Tsiku lopuma ntchito anzawo ankayesa kuti apempha wilibala. Iwo anapempha mbande imodzi ya sipurusi, mtengo wa masamba ngati singano, wosayoyola, wobiriwira chaka chonse. Kapitawo anawachenjeza kuti mtengowo ndi wachidodo, bola atenge wina wofulumira. Anakana. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuuona mtengo wawowawo utapitirira malata a nyumba yawo iwo asanatsikire kuli chete.

Vuto linali lakuti kuseri kwa nyumbako kunali kochepa, malo oti mphasa zinayi zikwanire basi, ndipo kunali kale mwini wake. Akazi awo ankadzalako nsawawa chaka ndi chaka. Anali mayi wamanja ofulumira, wosadziwa kukhala pansi. Lero afesa, sabata yamawa zamera, azika timitengo toyangapo, amanga ndi tinsanza, atsina nsonga kuti zichite nthambi, maluwa oyera mbuu, makoko lendelende, miyezi itatu zili m'mbale. Ndiye taganizani anthu awiri amenewa pa kadimba kamodzi.

"Abambo, mtengo wanuwu uli ndi ntchito yanji?" ankafunsa mayiwo akumenya nsawawa pakhonde. "Maluwa ulibe. Chipatso ulibe. Ngakhale mbuzi singadye. Ine pano ndakolola kangati inu mukungouyang'ana?"

"Zanuzo n'zomera zimenezo? Chinthu cholephera kuima chokha, mpaka kuchigwiriziza ndi ndodo ngati chidakwa. Miyezi itatu chauma. Uwu udzaima pano inu ndi ine titaiwalika."

"Ndiye tidzaudya titaiwalika?"

Telala akamva, ankasiya makina n'kusuzumira pampanda. "Madala, kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mwaonjeza. Nkhono yomwe inatopa nanu." A Udzakula ankangotola kheni n'kukathirira, mtima ukuwira.

Kunena zoona, bambowa anali ndi mbali yawo yolakwa. Za mitengo ankazidziwa ngati zala za m'manja mwawo, koma kuphunzitsa munthu ayi. Zaka zonsezo mawu awo kwa akazi awo anali awiri: "Musakhudze, musayandikire." Sanawafotokozerepo kuti sipurusi amakwera ndi nsonga imodzi yokha. Chaka chilichonse pamwamba penipeni pamatuluka mphukira imodzi yanthete, yobiriwira mopepuka, imene poyamba imazyolika ngati yafota, kenako imalimba n'kuwongoka. Kutalika konse kwa chaka chimenecho kumakhala m'kamphukira kameneko. Iwo ankaona ngati aliyense amadziwa zimenezi.

Pofika chaka cha khumi ndi chimodzi mtengo uja unali utawapitirira mutu. Kuti ufike pa malata panatsala mkono umodzi, kunena kwake zaka ziwiri. Koma maso ndiwo anali atayamba kale kuwathawa. Ng'ala inagwira diso lamanzere, kenako lamanja. Mtengo unasanduka chithunzithunzi chakuda, nsonga osaoneka n'komwe. Ankayeza msinkhu ndi mpini wa tsache, akufufuza m'mwamba mosamala ngati munthu wofuna kutsitsa dzira pa shelefu. Zinkawakwiyitsa kwambiri: kudikira zaka zonsezi kuti mtengo ufike, maso n'kuyamba ndiwo kunyamuka.

Mwana wawo wamkazi, namwino, ndiye anadula nkhani. Anabwera Loweruka m'mawa, nalongedza zovala zawo m'chikwama osafunsa, nati akupita nawo ku chipatala chachikulu kukachita opaleshoni, ndipo akakhala kwa iye masabata atatu. A Udzakula anazungulirazungulira, akuti nyengo ino ndi yophukira, mtengo sungasiyidwe. Mwanayo anati mtengo ulibe miyendo, aupeza. Ali pakhomo, chipewa chili m'manja, anatembenukira kwa akazi awo. Kunali koyamba kuwasiyira mtengowo.

"Mayi, muziuthirira madzulo. Chonde, muusamale ngati mmene mumasamalira nsawawa zanu."

Mayiwo anangogwedeza mutu, koma mumtima anakondwa. Zaka khumi ndi chimodzi akuletsedwa kuyandikira, lero apatsidwa m'manja.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lobwerera a Udzakula anatsika basi akuona chilichonse: manambala a galimoto, ming'alu ya pakhoma la golosale, ngakhale ulusi umene unakodwa pa ndevu za telala. Pakhomo anaona kuti penti ya chitseko inasupuka kalekale popanda wowauza, ndi kuti akazi awo imvi zachuluka. Sanakhale pansi. Chikwama anachisiya pakhonde n'kulunjika kuseri, akazi awo akuwatsata pambuyo akumwetulira.

Pansi pa mtengo panali poseseredwa bwino, dothi lonyowa, udzu ngakhale umodzi. Anakweza maso pang'onopang'ono, nthambi ndi nthambi, singano iliyonse ikuoneka payokha kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu. Atafika pamwamba anaima. Nsonga panalibe. Panali kachitsa kakang'ono ngati chala, utomoni utauma pabala pake.

"Wachita ndani ichi?"

"Ndine," anayankha mayiwo monyadira. "Kanatuluka kanthete kofooka, kakulendewera ngati kafota. Ndinakwera patebulo n'kukatsina. Muona mmene uchitire nthambi tsopano."

A Udzakula anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka onse pamodzi. "Mwatsina? Mwautsina mutu? Mayi, uwu ndi mtengo, si ndiwo zanu zija! Chaka chathunthu mwachithyola ndi zala ziwiri! Tsopano nthambi zonse zam'mbali ziyamba kulimbirana ufumu, utuluka mitu itatu, ukhala chitsamba. Chitsamba! Zaka khumi ndi chimodzi ndikhale ndikulera chitsamba?"

"Nanga si munati ndiusamale ngati nsawawa?"

"Ndimanena madzi!"

"Ndiye mukanati madzi. Munayamba mwandiuzapo chiyani za mtengo umenewu, kupatula musakhudze?"

Makina a telala anali atasiya kulira. Mwini wake anasuzumira, naona nkhope ya mkuluyo, nabweza mutu. Ngakhale iye anadziwa kuti lero si tsiku la nthabwala.

A Udzakula anakhala pa ndowa yovundikira. Madzi akatayika saoleka, ankadziwa. Koma zaka makumi atatu ndi zinayi za pa nazale sizinapite pachabe. Njira inalipo imodzi: kusankha nthambi yamphamvu pa zimene zazungulira bala, kuiweramutsa kuti iloze kumwamba, kuimangirira ku kandodo, kuti mtengo uiyese mutu wake. Zikatheka, umapitiriza kukwera, ngakhale pamakhala kukhota kumene sikudzatha. Anadzuka kuti akatenge tebulo.

"Mukuti mukwere ndinu?" anatero mayiwo. "Mwana wanena pafoni kuti dokotala waletsa kukwera, kuwerama, kunyamula. Mukufuna maso abwerere kumene achokera? Khalani apo."

Analowa m'nyumba, natuluka akukoka tebulo. Anazula kandodo kamodzi pa mzere wa nsawawa, nang'amba kansanza, nakwera, mawondo akulira. Mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, ali pamwamba pa tebulo logwedera.

"Iyo ayi, inayo. Ya kumanja. Pang'onopang'ono, mukuthyola! Musamange kwambiri, khungwa lipume."

"Kumanga musandiphunzitse, abambo. Ndamanga zinthu zanthete kuposa izi."

Zinali zoona, ndipo zinawapweteka kwambiri a Udzakula poona mmene zala zija zinazungulitsira kansanza, mfundo yosathina, yosamasuka, yabwino kuposa imene iwo akanamanga. Kanthambi kanaima chilili, kopendekeka pang'ono, kakafupi momvetsa chisoni. Mpata wofika pa malata unali utakula.

"Tidziwa liti ngati wavomera?" anafunsa mayiwo ali pamwamba pomwepo.

"Chaka chamawa. Kuti ubwerere pamene unali, ziwiri. Kuti ufike pa malata apo, zinayi, mwina zisanu."

Onse awiri ankadziwa zaka za bambowo, ndi mapiritsi amene ankamwa m'mawa uliwonse. Palibe anatchula.

"Ine ndimafuna kuti maso akatseguka muupeze wokongola," anatero mayiwo motsitsa mawu, akuyang'ana kansanza. "Masabata atatu onsewa ndimangoganiza zimenezo."

A Udzakula anali adakali ndi mawu ambiri pakhosi, owawa, okonzeka kale. Anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amuthire mkwiyo umenewo, koma panalibe. Telala anali atabisala, mtengo sukumva, ndipo wolakwa winayo anali iwo eni. Tebulo linagwedera, mayiwo nagwira m'malere. Bambowo anathamangira n'kuligwira ndi manja onse awiri, mano ali chilumire.

"Tsikani bwino," anatero. "Yambani mwendo wamanzere. Ndagwira."