Bambo Anga pa Chinsalu cha Amalume

Chinsalu chija chinali cha pabedi pa amayi, choyera, cha chigamba pakona. Amalume anachipachika kuti aonetserepo kanema m'kalasi ina pa Balaka masana a dzuwa loswa mtengo, mawindo atatsekedwa ndi masaka a thonje, tonse thukuta kamukamu.

Amalume sankagwira ntchito kwa munthu. Kamera yawo ya kanema anagula kwa mmwenye amene ankasamuka, n'kumayenda nayo pa njinga mpaka kwa Kawinga, kujambula asodzi a pa Liwonde, amayi othyola thonje, anyamata otuluka ku jando. Anthu ankati mutu sukuyenda bwino. Filimu ankaitumiza kutali kokaitsuka, ndipo inkabwerako patapita miyezi. M'miyezi imeneyo ndi mmene galimoto ya boma inadzatenga bambo anga chifukwa cha mawu amene analankhula pamsika. Dzina lawo silinatchulidwenso, ngakhale m'nyumba mwathu.

Filimu itafika, amalume ndi phuma lawo anaitana anthu asanaionere okha. Mpaka lero ndimati, munthu wamkulu kuchita chibwana chotero!

Makina oonetsera kanema anayamba kulira. Mabwato, sitima pa mlatho, anthu phwete podziona. Kenaka bambo anga! Amoyo, m'malaya awo a mizeremizere, atakweza chambo m'mwamba, akuseka popanda mawu.

"Ababa!" ndinakuwa.

Aphunzitsi anatuluka oyamba, ena n'kutsatira mitu ili pansi. Munthu wina wa chipani anatsala pakhomo, akutiyang'ana.

Amayi ananyamuka. Kulira ayi. Anasolola filimu ija m'makina, n'kutenga lezala ya amalume.

"Achimwene, ndionetseni pamene ali."

"Iyayi, chemwali, chithunzi chawo china palibetu," amalume anachonderera.

Amayi anadula okha pamene panali bambo, n'kuyatsa machesi munthu wa chipani uja akuona. Kachidutswako kanafwanyika, kakununkha moipa, ine kukamwa yasa.

Zotsalazo amalume anazilumikiza. Anadzajambula mafilimu ambirimbiri mpaka imvi, osagona kundende ngakhale tsiku limodzi. Bambo sanabwerenso.

Dzinja lonse lotsatira sindinkawalankhula amayi. Akandiitana ndinkayang'ana kumbali, mumtima ndikuti nkhanza zake zotani, munthu kuwotcha mwamuna wake? Sindinkadziwa kuti akanapanda kutero, galimoto ya boma ija ikanabweranso, ulendo uno kudzatenga mlongo wawo. Sindinkadziwanso kuti mwa tonse amene tinali m'kalasi muja, wolakalaka kwambiri kuti makina abwerezeko pamene panali bambo, kamodzi kokha, anali amayiwo.