Maso Ofiira a Felesiya

Chaka chimene chikuku chinavuta ku Kasakula, makolo ankakangana ngati ana tizipitabe kusukulu. Aphunzitsi anagamula kuti wofiira maso aliyense azibwezedwa. Ine chikuku sichinkandidetsa nkhawa. Chinkandiwawa n'chakuti Felesiya, mnzanga wa m'kalasi, ndiye anasankhidwa kutsogolera nyimbo yolandirira akuluakulu a chipani.

Tsikulo Felesiya anafika maso ali psuu ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Ndinkadziwa, poti motowo tinasonkha limodzi.

"Aphunzitsi, tamuonani maso Felesiya," ndinatero, ngati womumvera chisoni.

Anamubweza. Nyimbo ndinaiyamba ine, mokweza kwambiri mpaka mawu anandithera pakhosi. Kenaka kuseri kwa mpanda Felesiya anaiyambanso bwinobwino, anzanga n'kuvomera.

Mpaka lero ndimamukwiyirabe. Bwanji sanangopita kwawo?