Tsitsi la Tumpale lidzameranso

Lolemba lapitali, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza Tumpale atakhala pakhonde panga, khanda kumsana, chikwama cha zovala pambali. Tumpale ndi mayi wachitsikana amene wakhala akundigulitsa mpunga chibwerereni kuno ku Mlare kudzaphunzitsa. Kwawo ndi ku Iponga, kuno anabwera ndi ukwati. Ndi munthu wansangala, koma tsiku limeneli ngakhale moni anayankhira pansi.

Titalowa m'nyumba anamasula duku. Tsitsi lija ankaluka mpaka kufika m'khosi linali litapyapyala, khungu la m'mutu likuonekera, ndipo pamwamba pa makutu panali mphini zatsopano. Anapisa zala m'mutu kamodzi kokha n'kunditambasulira dzanja. Linali lodzaza tsitsi.

"Aphunzitsi, akuti ndizipita kwathu," anatero. "Bambo a ana akuti ndabweretsa matenda m'nyumba. Apongozi akuti ayi, ndalodzedwa." Zotsalazo anamalizira m'Chinkhonde chakwawo akulira, ndipo sindinafune womasulira.

Nkhani yake ili chonchi. Tumpale anachira nthawi ya dzinja, ndipo pochirapo anataya magazi ambiri. Asanapezenso mphamvu anagwidwa ndi malungo aakulu amene anamugoneka kuchipatala. Atatuluka anabwerera kumunda wa mpunga, chifukwa mbalame sizidikira wodwala. Patapita miyezi ngati itatu, iye akuti tsopano wapepukidwa, tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, papilo, ngakhale m'madzi osamba.

Apongozi ake anamutengera kwa sing'anga. Sing'angayo anati wina anatola tsitsi lake kusaluni n'kukalikwirira pamphambano, ndipo chala chinaloza mtsikana amene amamuluka, mnzake wa m'kwaya kutchalitchi. Awiriwo sakulankhulana mpaka lero. Mwamuna wake anamva zina kumene amawongera njinga, zakuti tsitsi likamatero ndiye kuti munthu ali ndi kachilombo. Sanamufunse, sananene kuti tiye tikayezetse. Anangosamutsa mphasa yake, kenaka n'kulamula kuti mkazi apite ku Iponga ndi khandalo. Mwana woyamba, wazaka zinayi, atsale, poti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa.

Usiku umenewo anagona kwanga, ndipo m'mawa tinapita kuchipatala.

Namwino amene tinamupeza sanadzidzimuke n'komwe. Anayang'ana khungu la m'mutu ngati muli zipere, zilonda kapena malo ozungulira opanda tsitsi. Munalibe. Anagwira titsitsi tochepa n'kukoka pang'onopang'ono, ndipo tambiri tinatsalira m'zala zake. Kenaka anayamba mafunso: munachira liti, mwadwalapo chiyani, mukudya bwanji, mukumwa mankhwala anji, m'nyumba muli mtendere? 

Anamuyeza magazi. Kachilombo analibe, koma magazi anali ochepa kwambiri.

"Mayi, tsitsi limakhala ndi nthawi yokula ndi nthawi yopuma," anatero namwinoyo. "Thupi likakumana ndi zoopsa, monga kubereka, kutentha thupi kwambiri, opaleshoni, njala kapena chisoni chachikulu, limasiya kaye zosamalira tsitsi n'kuthamangira kupulumutsa moyo. Tsitsi lambiri limapuma nthawi imodzi. Silithothoka pomwepo ayi, limadikira miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake anthu amasokonezeka, poti limagwa munthu atachira kale."

"Ndiye ndikhala wadazi?" anafunsa Tumpale.

"Ayi. Mizu yake ili moyo. Nthawi zambiri kuthothokaku kumasiya kokha miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ngakhale kuti kudzaza ngati kale kumatenga nthawi yoposerapo."

Anamupatsa mapilitsi owonjezera magazi. Anamuuza kuti adye nyemba, usipa, mazira ndi masamba obiriwira, asiye kaye kuluka kokoka ndi mankhwala owongola tsitsi, ndipo asalolenso lumo la wina aliyense pamutu pake. Anati kuthothokako kukapitirira, kapena akaona zigamba m'mutu, kuwonda kapena mtima kuthamanga, abwerenso adzayeze zina monga chithokomiro.

Basi. Nkhani imene yapasula nyumba inatha pa benchi la chipatala dzuwa lisanafike pamutu.

Ndiye ndikufunseni, awerengi anzanga. Ife tili ndi vuto lanji ndi mutu wa munthu wamkazi? Mwamuna akayamba dazi timamuseka pang'ono n'kumati ndi chizindikiro cha chuma. Mkazi tsitsi likapyapyala timatsitsa mawu, timagwirana zigongono pachitsime, ndipo aliyense amasanduka dokotala. Wina kachilombo, wina ufiti, wina akuti anachotsa mimba. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife za m'maluwazo timathetsa nazo maukwati.

Ndipo tinene kuti magazi aja akanapezeka ndi kachilombo. Kodi pamenepo kukanakhala kulondola kupirikitsa mayi woyamwitsa n'kumulanda mwana? Tili ndi abale angati amene akumwa mankhwala, akulima, akulera ana awo bwinobwino?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Tsitsi lothothoka chonchi limafotokoza zimene munthu wadutsamo. La Tumpale linkanena kuti mayi uyu anataya magazi, anadwala, anabwerera kumunda asanachire, ndipo pakudya amakhala womaliza. Nyumba yonse inaona tsitsi pansi, koma palibe anafunsa kuti kodi mwini wake akudya chiyani. Kufunsa zimenezo kukanaloza chala m'nyumba momwemo. Kuloza mtsikana wa kusaluni kunali kosavuta.

Sizigwera amayi obereka okha. Mwana wasukulu amene wadwala taifodi, bambo amene wataya mkazi, munthu amene wakhala miyezi akudya kamodzi patsiku, onsewa zikhoza kuwachitikira. Ambiri amangobisa m'chipewa kapena m'duku, kuopa pakamwa pathu.

Lachitatu ndinaperekeza Tumpale kwa mwamuna wake. Tinamupeza akupopa tayala pansi pa mtengo wa mango. Ndinamufotokozera zonse monga anatiuzira namwino. Anamvetsera mwaulemu, osandidula mawu.

"Yewo, aphunzitsi, ndamva," anatero. "Koma anthu ayankhula kale kwambiri. Apite kaye kwawo. Likamera tidzakambirana."

Mwana wamkulu uja anathamangira mayi ake n'kugwira chitenje. Agogo ake anatuluka, anamumasula zala chimodzichimodzi, n'kulowa naye m'nyumba. Tumpale anakonza khanda kumsana, ine ndinanyamula chikwama, n'kumuperekeza kumsewu kukadikira minibasi yolowera kumpoto.

Namwino anati chimodzi mwa zinthu zimene zimachedwetsa tsitsi kumera ndi nkhawa. Tumpale wapita kukalidikira kutali, atalekanitsidwa ndi mwana wake wamkulu, akudziwa kuti banja lake likudalira zimene zituluke pamutu pake. Ndikukhulupirira kuti limera ndithu, mvula ikamadzagwa adzakhala akupesa. Koma tsiku limene adzatsike minibasi pa Mlare, ndani mwa ife amene tinanong'ona adzapite kukamupepesa? Nanga kamwana kaja, tidzakauza kuti mayi ake anachoka chifukwa chiyani?