Matomato Asanu ndi Mbasela

Chaka chimene fakitale imene atate ankagwirako inatsekedwa, iwo anabwera kunyumba ndi ovololo m'pulasitiki, ine n'kusiya sukulu pakati pa Giredi Naini. Palibe anandithamangitsa. Nsapato zinatha, ndalama za mayeso zinasowa, ndipo m'mawa wina sindinavale yunifomu basi.

Mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi sanasiye. Nyumba yawo inayang'anana ndi yathu ku Kanyama, pakati pali kangalande chabe. Ndizimutchula Wayunifomu, chifukwa ndimo ndinkamuonera. M'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo pathu ndi shati yoyera yosita, tayi pakhosi, ine ndili ndi zigubu ziwiri kupita ku pompi. Masamu ndinkamuposa. Ndikunena ndekha chifukwa palibe wina adzanene. Kusiyana kwathu kunali kwakuti atate ake ankagwira ntchito ya m'dimba kumayadi, kwa mzungu wina, ndipo mzunguyo ndiye ankamulipirira sukulu.

Ku Kanyama kulibe dothi. Ukakumba pang'ono khasu limalira pamwala, ndipo mvula ikagwa madzi amalowa mpaka pansi pa bedi. Dimba langa linali masaka akale a unga, oimikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba. Dothi ndinkakalitenga kutali, pamutu, manyowa n'kukapempha kwa mayi wina woweta nkhuku. Mbewu ndinkafinya m'matomato owola amene ankatsala pa thebulo la amai, pomwe ankagulitsa ndiwo m'mphepete mwa msewu. Sindinayambe chifukwa chokonda ulimi. Munthu wosapita kusukulu amayenera kuoneka ngati akuchita kanthu, apo ayi anthu amayamba kukufunsa ngati wayamba kupita ku Chibolya, kumene amagulitsa chamba.

Unga utakwera mtengo kwambiri, bungwe lina linabwera kudzera ku tchalitchi kudzalimbikitsa anthu kulima kuseri kwa nyumba. Analengeza chionetsero cha ndiwo ndi zipatso, ndi mphoto zake. Wopambana pa repu alandira khasu, pa kabichi keni yothirira, pa zipatso mbewu za m'mapaketi. Pa tomato anaikapo wilibala.

Anaiimika pakhonde la tchalitchi milungu itatu tsikulo lisanafike, ataimanga ndi tcheni ku chipilala. Inali yobiriwira, tayala lake lidakali ndi timinga ta mphira. Kwa ena inali yonyamulira zinyalala. Kwa ine inali ntchito. Masiku amenewo ndinkapita ku msika waukulu wa m'tauni kukanyamula katundu paphewa, ndipo ndinkaona mmene zinkayendera. Mayi akagula thumba la mbatatesi ankaitana wa wilibala poyamba. Ife a mapewa tinkadya zimene a wilibala akana. Amene ankabwereka wilibala ankagawana ndi mwini wake madzulo. Ukakhala ndi yako sugawana ndi munthu. Ndinkadutsira dala njira ya ku tchalitchi pochokera ku pompi, ngakhale inali yozungulira, kuti ndiione ngati ikadalipo.

Kenako ndinamva kuti Wayunifomu walembetsanso, pa tomato pomwepo.

Sindinagone bwino sabata imeneyo. Anali ndi sukulu, anali ndi nsapato, anali ndi atate opita kuntchito. Wilibala ankaifuniranji? Ndinayamba kusuzumira pa mpanda wawo wa malata. Dimba lake linali ngati buku lake la notsi: mizere yowongoka, mtengo uliwonse womangiriridwa ku kamtengo ndi ulusi, timapepala tolembedwa mayina a mbewu. Atate ake ankamubweretsera mbewu za m'paketi kuchokera kumayadi, ndipo Lamlungu masana ankagwada naye pamenepo kumuonetsa pothyola nthambi. Atate anga Lamlungu ankakhala pa mpando kumvera wailesi yopanda mabatire okwanira.

Chimene chinanditonthoza n'chakuti matomato ake anali ang'onoang'ono. Anga anali akuluakulu, a mizeremizere, olemera mpaka ndinachita kuwachirikiza ndi mawaya. Panali mmodzi wamkulu kuposa zibakera zanga ziwiri. Azimayi opita ku pompi ankapatuka kudzamuona. Ndinkamuphimba ndi chidutswa cha neti kuopa nkhuku, ndipo madzi anga osamba ndinkawagawa pakati kuti iye amwe.

Polembetsa anatipatsa pepala la malamulo, Chizungu mbali zonse ziwiri. Chizungu ndimawerenga, koma ndilibe mtima wowerenga zinthu zazitali. Ndinaona pamene panalembedwa tomato, ndinaona nambala faifi, ndinaona nthawi yofikira. Pepalalo ndinalisiya pa thebulo la amai, ndipo pofika madzulo linali litapita ndi wogula, atamukulungiramo tinsomba ta kapenta.

Loweruka la chionetsero ndinathyola matomato asanu abwino, kenako ndinathyola wamkulu uja, ndi maganizo ochotsapo mmodzi kuti iye alowe m'malo. Amai anatsuka mbale yawo ya alendo, ya maluwa m'mphepete, n'kuyamba kuwaunjika monga amachitira pa thebulo: asanu pansi, wamkulu pamwamba. Nditatambasula dzanja kuti ndichotsepo wina, anandimenya pa chala.

"Siya. Faifi ni yamene bapempha. Uyu mukulu ni mbasela."

Ndinawauza kuti uwu si msika. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Kwathu sugulitsa mulu wa tomato popanda kuwonjezerapo kamodzi kaulere, ndiyo mbasela, ndipo wogula amene sunam'patse sabweranso. Amai anali atagulitsa ndiwo kuyambira ine ndisanabadwe. Anati ngati mbasela amam'patsa mwana wotumidwa, nanga akuluakulu ochokera ku boma, tiwapatse zowerenga ngati mapiritsi? Adzati mwana uyu analeredwa ndi ndani?

Sindingawanamizire kuti anandikakamiza. Nditayang'ana mbaleyo, asanu ali mozungulira, wamkulu atakhala pamwamba pawo ngati bwana, ndinaona kuti amai ali ndi nzeru. Ndinanyamula ndekha, ndi manja awiri, kudumpha ngalande mosamala ngati ndanyamula mwana.

Pabwalo la tchalitchi anayala mathebulo atatu aatali, okutidwa ndi mapepala oyera. Panali repu womangidwa m'mitolo, masamba a maungu amene kwathu timati chibwabwa, timabiringanya ta impwa, anyezi, makabichi, mapapaya ndi mandimu. Ena anabweretsa ndiwo zooneka kuti azigula m'mawa womwewo, koma palibe ananena kanthu. Mbale za tomato zinali khumi ndi ziwiri. Ndinaziyang'ana zonse kamodzi, mtima n'kukhala pansi.

Ya Wayunifomu inali pafupi ndi yanga. Matomato asanu ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, aliyense ali ndi kamchira kake kobiriwira, osaunjikidwa, ongoyalidwa motalikirana. Ndinaseka mokweza kuti amve.

Iye sanaseke. Anayang'ana mbale yanga, milomo yake ikuyenda. Kenako anandiyandikira n'kulankhula motsitsa mawu.

"Boyi, chosapo imozi. Pepala yakamba faifi. Apa yali sikisi."

"Ni mbasela."

"Kulibe mbasela kuno. Bazakuchosa. Na iyo ikulu siifanana na zinzake, bafuna zolingana."

"Oho. Manje ufuna nichose ikulu, kuti tumazira twako tuoneke?"

"Nikuuza chabe."

"Uzanipunzisa Chizungu, boyi. Tomato siya."

Azimayi a pamsika amene anali pafupi anaseka, wina n'kundiwomba pamsana. Kusekako kunandikomera kuposa chilichonse chimene ndinamva chaka chimenecho. Atate ake a Wayunifomu anali chapatali, atavala jekete. Anapukusa mutu.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu. Atalengeza kuti tonse tituluke kuseri kwa chingwe, dzanja langa linapita pa mbale. Ndinadziwa kuti mnyamata uja sanama, sanandinamizepo chiyambire Giredi Wani. Ndikanatha kuika tomato mmodzi m'thumba, palibe akanaona. Koma nditadzutsa maso ndinamupeza akundiyang'ana, akudikira kuti ndichite zimene wanena. Ndinabweza dzanja. Sindikanalola kuti wilibala yanga ikhale yoti ndinaipeza chifukwa iye anandiwerengera pepala.

Oweruza anali atatu: ofisala wa zaulimi wa chipewa chachikulu, sisitere wachikulire, ndi mayi wina wa kumayadi wa magalasi akuda. Anayenda pang'onopang'ono, ife tili padzuwa. Atafika pa mbale yanga ofisala anaima. Ananyamula wamkulu uja, kumuyeza m'dzanja, kumununkhiza, n'kuitana sisitere amene anali atapitirira. Onse atatu anamwetulira. Amai ananditsina pamkono. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndilembe pambali pa wilibala.

Ndiye ofisala anatulutsa cholembera n'kuyamba kuloza matomato mmodzimmodzi. Anabwerezanso. Analemba kanthu pa kakhadi, n'kukaika chozondotsa pansi pa mbale.

Chingwe chitachotsedwa ndinathamanga. Pakakhadipo panali mawu ochepa, oti mbale iyi sinatsate malamulo. Ndinapita nako kwa ofisala, amai ali pambuyo panga. Bamboyo sanali wamwano, ndipo zimenezi zinandipweteka kwambiri. Anandifotokozera m'Chinyanja chabwino cha kum'mawa kuti matomato anga anali athanzi kuposa onse pa thebulo, ndipo asanu apansiwo akanakhala okha akanavuta kuwaposa. Koma lamulo linati asanu.

"Ni mbasela, ba ofisa," amai anatero, atagwada pang'ono. "Tinaikilako imwe."

Azimayi a pamsika anayamba kung'ung'udza kuti n'zoona, mwana waonetsa ulemu. Ofisala anaseka pang'ono n'kunena kuti akuthokoza, koma akalola asanu ndi mmodzi lero, chaka chamawa wina adzabwera ndi thumba. Ndinati ndichotsapo pompano. Anati mayina alembedwa kale.

Sindinachoke. Ndinaima pomwepo mpaka anamasula tcheni. Wayunifomu anaitanidwa, anagwirana chanza ndi onse atatu, amai ake akululutira. Anaikankha wilibala ngati munthu amene sanaigwirepo, manja ali pafupi kwambiri ndi beseni, ndipo pa geti inatsala pang'ono kumugwetsa. Ine ndinatenga mbale ya amai. Wamkulu uja anaphikidwa ndi kapenta tsiku lomwelo. Atate anadya n'kunena kuti msuzi wakoma, osadziwa kuti akudya chiyani.

Amai sindinawalankhule masiku atatu, ngakhale ndinkadziwa kuti dzanja linali langa. Masaka ndinasiya kuthirira. Ndinabwerera kumsika ndi mapewa anga. Pobwera madzulo ndinkaona wilibala ili pakhomo pawo, yodzaza thovu. Amai ake ankanyikamo mashati a sukulu. Tayala linali lisanagwire matope a m'tauni n'kamodzi komwe. Ndinkalowa m'nyumba n'kukhala moyang'ana khoma.

Patapita milungu iwiri Wayunifomu anabwera yekha, akukankha wilibala kuwoloka kangalande. Anandipeza ndikusoka patapata ndi waya. Anati iye Lolemba mpaka Lachisanu amakhala kusukulu, wilibala imangokhala, ndiye ndiziitenga. Sakufuna kanthu. Loweruka lokha atate ake amaifuna pa manyowa.

"Sindine wopempa," ndinamuyankha, osadzutsa mutu.

"Sunapempe."

"Ndiye pita nayo."

Anatembenuka n'kupita nayo. Ndinamva bwino kwa ola limodzi.

M'mawa mwake ndinatsegula chitseko n'kupeza wilibala yaimikidwa mopingasa pakhomo, moti sindikanatuluka popanda kuikwera. Amai anali atapita okha kukaitenga, ndipo anali pa thebulo lawo akuunjika tomato, nsana atalozetsa kwa ine. Kuyambira dzulo lake m'nyumba munalibe unga. Atate anali atadzuka, atakhala pa bedi, akundiyang'ana. Ndinagwira zogwirira. Zinakwana m'manja mwanga monga ndinkadziwira kuti zidzakwana.

Ndinaikankha chaka ndi miyezi. Mbatatesi, makala, mabelo a zovala zakale za salaula, tsiku lina ngakhale mayi wodwala kukamukweza minibasi. Unga sunasowenso kwathu. Pambali pake a bungwe aja anali atalembapo ndi penti yoyera kuti mphoto yoyamba ya tomato, ndipo anyamata a pamsika anayamba kunditchula ba Tomato. Ena ankafunsa kuti ndinapambana bwanji. Sindinkanama, sindinkanenanso zoona. Ndinkangoti achoke panjira, katundu akulemera.

Lachisanu lililonse madzulo ndinkaitsuka pa ngalande n'kukaiimika pakhomo pawo. Wayunifomu ankatuluka ndi buku m'manja, chala chili pa tsamba limene walekezera, n'kufunsa ngati yagwira bwino ntchito. Ankafunsa ndi mtima wabwino. Ndikanakonda akanafunsa monyoza, bwenzi ndili ndi pomugwira.

Mvula yachiwiri itadutsa, tayala linayamba kulira. Linkamveka kuchokera pa pompi mpaka kwathu, ndipo agalu ankalilondola. Anyamata ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti ndithire oilo, pagalaja amapereka wakuda waulere. Amai anandiuza. Ngakhale atate ake a Wayunifomu anandiimitsa panjira n'kundiuza mwaulemu. Sindinathire. Ndinkadutsa nalo likulira choncho pansi pa windo lake m'mawa uliwonse, iye akumanga tayi.