Kapu ya Bambo a Kwathu

Ine ndine wa Sabata, mowa sindinakule nawo, koma maina a mowa wa kunja ndimawadziwa kuposa zidakwa za pa Khonjeni. Ndinawaphunzira ndikuperekera zakudya kunyumba ya alendo ya pa esiteti, kumene amafikira ogula tiyi.

A ku Japan savuta. Mowa wawo amautcha sake, ndipo akati "kampai!" umangokweza kapu, kunyowetsa milomo, basi. Amuna anga, amene ndi akapitawo a kufakitale, ankapulumuka motero: kukweza, kuika pansi, palibe wofunsa.

Ndikuti kupulumuka chifukwa kachasu anatsala pang'ono kuwapha. Anagona m'chipatala mimba itatupa ngati ng'oma, ndipo adokotala anandiuza iwo akumva kuti akadzayambiranso, ndikonzeretu bokosi. Anasiyadi. Koma ndimawadziwa ine, kwa iwo kulibe zoti kapu imodzi yokha.

Ndiye kunabwera mlendo wa ku China, wogula wamkulu, atanyamula botolo la baijiu, mowa woyera mbee, fungo lake mpaka kukhitchini. Amanejala anaitanira bambo a kwathu ku nkhomaliro poti mlendoyo anakonda tiyi wawo. Ndikuyala mbale, ndinafunsa mayi wotanthauzira amene anabwera ndi mlendoyo ngati awanso amati kampai.

"Ayi amayi, awa amati ganbei, ndiye kuti umitsa kapu. Umamwa yonse n'kuitembenuza kuti aone. Kukana n'kumunyoza, pokhapokha wina akumwere."

Ndinafuna kuwanong'oneza bambo, koma anali atakhala kale pakati pa mabwana, atavala jekete la pa ukwati wathu, akumwetulira.

Mlendo uja anaimirira, nathira yekha, napatsa bambo kapu ndi manja awiri. "Ganbei!" Anagugudiza yake n'kuitembenuza. Bambo anakweza yawo, kuigunditsa pamlomo, kuika pansi monga mwa masiku onse. Mlendoyo anaimabe, maso ali pa kapu yodzazayo. Amanejala analankhula ataluma mano: "Akapitawo, musatichititse manyazi. Imwani."

Ndinaona dzanja lawo likubwerera ku kapu. Amanejala sanandiopse ayi, chinandiopsa ndi mphuno ya bambo. Inali ikukoka fungo lija pang'onopang'ono, nkhope yawo ili yokondwa.

Ndinaika thireyi pansi n'kugwada. "Pepani bwana, awa ndi amuna anga. Ndiwamwera ine."

Ndisanamalize n'komwe ndinali nditailanda kapuyo n'kuigugudiza. Mayo ine! Moto weniweni, kuyambira pakhosi mpaka m'mimba. Misozi ili chuchuchu, ndinatembenuza kapu ija patebulo. Wotanthauzira analankhula ndi mlendo uja mofulumira. Mlendoyo anandiyang'ana, anayang'ana bambo, kenaka anawomba m'manja nanena kuti akapitawo awathirire tiyi.

Ndinakwiya tsiku lonse. Ndinakwiyira mlendo, amanejala, ndi bambo omwe. Ine woimba kwaya, fungo la mowa m'kamwa! Akulu a mpingo akamva ndikawauza chiyani?

Titaweruka tinatsika kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, ine ndikudzandira, bambo atandigwira mkono. Tinayenda mpaka pamlatho. Pamenepo ndinatembenuka kuti ndiwalalatire zonse zimene ndinasunga. Iwo anapotolera nkhope kumbali.

"Kalipani mayi a ana, ndikumva. Koma chonde musandipumire. Fungolo ndikulifunabe."