Mzere Umene Azakhali Anamusiyira Tsache

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ndi munthu woti mukawalakwira Lolemba sakuyankhani Lachiwiri. Amakulembani m'kope n'kudikira. Ndimawakonda, koma ndisaname, ndimawaopanso.

Ntchito anayamba ali mtsikana, kutayipa makalata mu ofesi ya maloya pa makina aja olira ngati akukhoma misomali. Bwana wawo ankabweza kalata yonse chifukwa cha chilembo chimodzi, ndipo iwo m'malo modana nalo khalidwelo, anabwera nalo kunyumba. Ife ana tikawalembera kalata yopempha nsapato, kalatayo inkabwerera itakonzedwa ndi cholembera chofiira, nsapato osaoneka. Makompyuta atafika anzawo anachita nawo mantha, koma iwo ankatsalira pa nthawi ya nkhomaliro n'kumaphunzira, mpaka anadziwa kulemba khodi, mizere ija ya malangizo imene kompyuta imatsatira. Sanakwatiwe. Ankati analibe nthawi yokonza zolakwa za munthu wandevu.

Atapuma pa ntchito anayamba kanthu kawokawo, kapulogalamu kowerengera masiku. Ukakauza kuti munthu abwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, kankakupatsa tsiku lenilenilo, n'kudumpha Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Anakaika pa intaneti kuti aliyense atenge mwaulere, aone mkati, ndipo wofuna kuwonjezerapo atumize chosintha chake. Zoterezi amati laibulale, ngakhale mulibe buku ndi limodzi lomwe. Opanga mapulogalamu ankaitenga n'kuilowetsa m'zinthu zawo. Pa kiliniki pamene ine ndimakhala pawindo kulandira odwala, pulogalamu yotumizira anthu uthenga wa pafoni wowakumbutsa tsiku lawo ili ndi laibulale ya azakhali mkati. Ndinkauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse.

Kuti uwonjezerepo kanthu, unkayenera kudutsa pa tsamba lawo la malamulo. Mzere wolowa mkati uyambe ndi mipata inayi, osati iwiri. Mzere usapitirire zilembo makumi asanu ndi atatu. Chosintha chimodzi chikhale nkhani imodzi, ndipo ulembe chifukwa chake. Lomaliza ndi limene ankalikonda kuposa onse: usakhudze mzere umene sukuukonza. Anthu akutali amene sanawaonepo nkhope anawapatsa dzina loti Mayi Mipata Inayi. Iwo ankati ndi chipongwe, koma ndinapeza atalilemba okha pachikuto cha kope lawo.

Lamulo lomalizalo lili ndi chifukwa chake. Pambali pa mzere uliwonse, kompyuta imaonetsa dzina la amene anaukhudza komaliza. Zaka zisanu ndi zinayi, mizere zikwi zitatu, pafupifupi yonse dzina lawo. Ana analibe, nyumba inali ya lendi. Ankandiitana n'kutsitsa tsambalo pang'onopang'ono kuti ndione dzinalo likubwerabwera.

“Ndikadzafa, udzandifune apa,” ankatero.

Ndiye kunabwera munthu amene tsopano timamutchula kuti Tsache. Bambo wa banja lake, wotchena bwino, wa ulemu wochita kunyanya. Chosintha chake choyamba azakhali anachibweza kasanu ndi kawiri. Iye sanakwiye, anafufuza kumene amakhala n'kufika pakhomo manja ali kumbuyo.

“Amayi, ndiphunzitseni,” anatero.

Anamuphunzitsa zaka ziwiri, Loweruka lililonse, pa tebulo lomwe timadyera. Tiyi ndinkamuphikira ndine, ndipo mpaka lero ndimadandaula shuga wanga.

Maso a azakhali atachita ng'ala, dokotala anati awachite opaleshoni ndipo asayang'ane kompyuta masabata asanu ndi limodzi. Azakhali anamupatsa Tsache mphamvu yovomereza zosintha, imene sanapatsepo munthu.

“Ungoyang'anira,” anamuuza. “Usasunthe kanthu.”

Pa sabata yachiwiri yomwe, Tsache anayendetsa kapulogalamu kosalaza khodi pa laibulale yonse nthawi imodzi. Mipata inayi inasanduka iwiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zimene laibulale imachita sizinasinthe ngakhale pang'ono. Koma mzere uliwonse unali utakhudzidwa, ndiye mukudziwa kale dzina limene linakhala pambali pake.

Tsiku limene dokotala anawalola, ine ndinalipo. Anavala magalasi atsopano, anatsegula, anatsitsa tsamba, n'kuima.

“Diso ili silinapole,” anatero. “Werenga iwe.”

Ndinawerenga dzina la Tsache.

“Pitiriza.”

Ndinapitiriza mpaka pansi. Mtima wanga unkawawa ngati wakuba walowa m'nyumba ife tili momwemo. Iwo sanalire. Anamuimbira foni n'kuikweza mawu kuti ndimve.

“Amayi, ndangosesa,” anatero Tsache mosekerera. “Masiku ano anthu amakonda mipata iwiri. Mbiri yakale ilipobe pansipo. Wofuna akumba.”

Dzina la Tsache linabadwira pamenepo. Kuti mbiri ilipo n'zoona, koma ndani amakumba? Anthu amawerenga chimene chili pamwamba. Anzawo atatu a azakhali amene ankathandiza nawo pa laibulale analemba kuti zikuoneka bwino tsopano. Posakhalitsa Tsache anaima pa msonkhano wa olemba mapulogalamu, wina anamutchula kuti mwini laibulale, iye osakana, kungowerama modzichepetsa monga amachitira. Kampani ina yaikulu inamulemba ntchito chifukwa cha laibulale yomweyo.

Ine ndinavala nsapato kuti ndikamuyalutse ku ofesi kwakeko.

“Khala pansi iwe,” anatero azakhali. “Walira mvula walira matope.”

Anatsegula kope lawo, analembamo mawu amodzi, n'kutseka. Pa intaneti analemba mzere umodzi wokha, wakuti laibulale ndi ya Tsache tsopano, aisamale.

Miyezi khumi ndi inayi sanaikhudzenso. Ankathirira maluwa awo a m'zitini pakhonde, n'kumakonza zolakwa za m'nyuzipepala ndi cholembera chofiira. Ndinkaganiza kuti agonja, ndipo ndinkawamvera chisoni. Kawiri kapena katatu anandifunsa kuti Febuluwale wa chaka chamawa ali ndi masiku angati. Ndinati twente naini. Anati eya, n'kupitiriza kuthirira.

Pa 29 Febuluwale mabenchi a pa kiliniki anali mbee, opanda munthu. Tinaseka, tikuti anthu achira onse. Mawa lake kunali chipwirikiti. Onse a tsiku la 29 uthenga unawauza kuti abwere pa 1 Malichi, pamodzi ndi eni tsikulo. Amayi a ana a katemera anadzaza mpaka kumsewu. Mayi wina anandiloza chala kudzera pawindo, amvekere, “Iwe, kusukulu sanakuphunzitse kalendala?” Agogo ena a matenda a shuga, amene anawauza kuti abwere osadya chifukwa choyeza magazi, anadikira mpaka cha m'ma 2 koloko, kenako anangoti khu, kugwa patsogolo pa desiki yanga. Titawanyamula ndinakalira kuchimbudzi.

Sikunali kwathu kokha. Kulikonse kumene laibulale inalowa, tsikulo linasowa. Anthu anathamangira kukaona mzere wolakwikawo, nambala 412, ndipo pambali pake anapeza dzina la Tsache. Onse anakhulupirira kuti kusesa kwake kuja ndiko kunauswa. Madandaulo anagwa ngati matalala, mabwana ake akufunsa. Anayesa kukonza kawiri, ndipo kawiri konseko anaswa gawo la masiku a tchuthi. Kusesa ankadziwa, koma mmene nyumbayo anaimangira sankadziwa.

Loweruka m'mawa anagogoda. Analibe tayi, maso ali psuu. Ndinamutsegulira osamupatsa moni. Azakhali anamulozera kampando kopanda chotsamira.

“Mwatiyendera, bambo,” anatero. Kale ankamuti iwe.

“Amayi, ndakumba,” anatero Tsache. “Mzere uja munalemba ndinu, maso atayamba kale kuvuta. Ine sindinausinthe.”

“Kauzeni anthu,” anayankha azakhali. “Koma mukawauzenso amene analemba mizere inayo. Mabwana anu amve nawo.”

Tsache anayang'ana pansi. Pamenepo ndiye ndinaona msampha wonse umene anakodwamo, ndipo ndinasangalala mpaka kumapazi. Akati mzerewo si wake, ndiye kuti laibulalenso si yake, ndipo ntchito anaipeza ndi bodza. Akati laibulale ndi yake, matope ake ndi omwewo.

“Ndithandizeni, amayi. Ndili ndi ana.”

“Mubwezeretse mipata inayi, ndi dzina lililonse pa mzere wake monga zinalili. Simufunika kulengeza kanthu. Koma mzere 412 mukonza ndinu, ndi manja anu, ine ndikukuuzani zolemba. Umenewo ukhala wanu.”

Anavomera. Anatsegula kompyuta yake pa tebulo lathu lomwelo, azakhali akunena, iye akutayipa. Atatumiza, azakhali anatsegula yawo, anawerenga mosathamanga, n'kubweza. Tsache anali ataphatikiza kukonza ndi kubwezeretsa maina m'chosintha chimodzi, pamene lamulo limati nkhani imodzi. Anatumizanso. Anabweza, mzere unali ndi zilembo makumi asanu ndi atatu kudza zitatu. Anthu awiri atakhala moyang'anizana, mawondo kutsala pang'ono kugundana, koma yankho likudzera pa intaneti kuti aliyense aone. Kachitatu anabweza chifukwa sanalembe chifukwa chake.

“Ndilembe chiyani?”

“Lembani kuti mzere uwu unkaiwala 29 Febuluwale, ndipo ndaukonza.”

“Koma amayi, anthu apitiriza kuganiza kuti ndinalakwitsa ndine.”

Azakhali anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya juzi, n'kuvalanso.

“Mbiri ilipobe pansipo,” anatero. “Wofuna akumba.”

Tsache analemba. Anatuluka osatsazika, ndipo ine ndinatseka chitseko ndi phazi. Ndinaseka kukhitchini mpaka misozi, ketulo ili pamoto. Ndinkati Mulungu sagona.

Pobwera kudzachotsa zinthu pa tebulo kuti ndiike makapu, ndinapeza kope lawo lili chitsegukire. Sindine wosuzumira za eni, koma maso anagwera pa nambala 412. Deti lake linali la sabata imene anapita ku opaleshoni. Analemba kuti, Mzere 412 waiwala 29 Febuluwale, ndidzakonze ndikachira. M'munsi mwake, ndi cholembera chofiira, munali mawu amodzi aja: Dikira.

Kuseka kunandithera.

“Azakhali, inu munkadziwa.”

“Ndinkadziwa.”

“Miyezi yonseyi. Mukudziwanso kuti kuntchito kwathu timagwiritsa ntchito laibulale yanu.”

Anangotembenukira ku kompyuta.

“Agogo aja anagwa pamaso panga, azakhali. Mutu unagunda desiki.”

“Anadzuka?”

“Anadzuka.”

“Ndiye bweretsa tiyi.”

Ndinabweretsa. Polandira anatayira tiyi pa kope, iwo amene sanadonthezepo kanthu pa pepala. Anatembenuzira kompyuta kwa ine n'kuyamba kutsitsa tsamba pang'onopang'ono monga kale, dzina lawo likubwerabwera. Ankadikira kuti ndinene kanthu. Ine ndinangotola makapu.

Ali moyo mpaka lero, akubwezabe zosintha za anthu, ndipo dzina lawo lili mbwee pa mizere zikwi zitatu. Tsache sindimumvera chisoni, ndipo palibe amene anakumba. Agogo aja amabwerabe mwezi uliwonse, ali ndi kachipsera pamwamba pa diso, ndipo amandipatsa moni mwansangala. Azakhali anandiuza kuti akadzafa ndidzawafune m'laibulale. Ndidzapitadi, koma ndikudziwa pamene ndidzawapeze. Ndi pa mzere 412, umodzi wokhawo mwa mizere yawo umene ulibe dzina lawo.